Mmene mungaunikire kachithunzi koimira gemu yanu pa sitolo ya pa intaneti

Munthu amene wapanga gemu yekha, kapena ndi anzake awiri atatu popanda kampani yaikulu yowaikira ndalama, amakonda kuona chithunzi choimira gemuyo chili chachikulu, chitadzaza sikirini yonse, ndiponso atachizolowera kale chifukwa chochiyang'ana kwa milungu yambiri. Wogula sachiona choncho. Iye amakumana nacho chili kakang'ono, chitapanikizana ndi tizithunzi tina tambirimbiri, ndipo diso lake limangodutsapo kamphindi chala chikuyendetsa tsamba. Mu 2023 mokha pa Steam, sitolo yaikulu ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, panatuluka magemu oposa 14,000, choncho palibe amene angaime kuti afufuze chimene wojambula ankafuna kunena. Kuunika kachithunzika ndi kukachotsa m'manja mwa mwini wake n'kukaika pamalo pamene mlendo adzakaonere.

Yambani ndi kudziwa miyeso. Pa Steam zithunzizi amazitcha capsule, ndipo kuyambira mu 2024 kampani ya Valve, imene ndi mwini wa Steam, imafuna kuti cha pamwamba pa tsamba la gemu chikhale mapikiselo (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) 920 m'litali ndi 430 m'lifupi, chaching'ono chikhale 462 ndi 174, chachikulu cha patsamba loyamba chikhale 1232 ndi 706, pamene choimirira chikhale 748 ndi 896. Chaching'onocho Steam imachichepetsanso yokha mpaka 184 ndi 69, ngakhalenso 120 ndi 45, kuti chioneke m'mizere ya zotsatira munthu akamafufuza. Pa itch.io, sitolo ina ya magemu, amalangiza chikuto cha 630 ndi 500. Popeza maonekedwe amenewa ndi osiyana, ena ogona ena oimirira, kungodula chithunzi chimodzi kuti chikwane paliponse kumabala nkhope zodulidwa pakati ndi mayina othinana pakona. Muyeso uliwonse uunikidwe pawokha.

Tsopano chepetsani chithunzi chanu mpaka 120 ndi 45, ndipo musachikuzenso. Khalani patali ndi sikirini monga mmene mumakhalira masiku onse, muwerenge dzina la gemu. Tiyerekeze kuti gemuyo ndi ya munthu woyenda m'phanga atanyamula nyali, ndipo wojambula waika mileme kudenga, mafupa pansi, chitseko chachitsulo chakumbuyo, kenako dzina lolembedwa ndi zilembo zofiira zowonda zokhala ndi timichira. Chili chachikulu, chithunzichi n'chosiririka ndithu. Chikachepa, mileme ndi mafupa zimasanduka timadontho tooneka ngati dothi pagalasi, dzina limangokhala kamzere kofiira, ndipo chotsala n'kuwala kwa nyali kokha. Chimene chapulumuka pamenepa, nyaliyo ndi dzanja loigwira, ndicho chithunzi chanu chenicheni, ndipo zina zonse zichepetsedwe kapena zichotsedwe kuti dzina lipeze malo. Pa capsule yaing'ono si kulakwa kuti dzina litenge pafupifupi malo onse. Zilembo zokhuthala, zotalikirana pang'ono, zokhala pamalo opanda zokongoletsa kumbuyo kwake zimawerengeka ngakhale zitachepa kwambiri.

Mukatero, chotsani mitundu yonse kuti chithunzi chitsale chakuda ndi choyera, kenako muchichititse chimbuuzi ndi pulogalamu yojambulira, kapena mungotsinzina pang'ono pochiyang'ana. Cholinga n'kuona ngati kuwala ndi mdima zikusiyanitsa zinthu pazokha. Chofiira ndi chobiriwira zikhoza kuoneka zosiyana kwambiri kwa inu, koma ngati kuwala kwake n'kofanana zimasungunukirana mitundu ikachoka, ndipo mmenemo ndi mmenenso anthu ena ovutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi amaonera. Ngati pa chimbuuzi mukuonabe chinthu chimodzi chokoka diso ndi mpata woonekera wa dzina, maziko ali bwino.

Gawo limene ambiri amalidumpha, pamene ndi lofunika kuposa ena, ndilo kuika chithunzi pakati pa anzake. Tsegulani sitolo pa gulu la magemu ofanana ndi yanu, mujambule sikiriniyo monga ilili, kenako mumate kachithunzi kanu pamalo pa kena, pa muyeso womwewo. Chitani zimenezi kangapo, kamodzi pakati pa mzere, kamodzi kumapeto. Masamba a Steam ndi akuda motuwira ku buluu, moti chithunzi chakuda m'mbali chimamira m'tsambalo n'kusowa malire, pamene pa sitolo ya masamba oyera vutolo limagwera zithunzi zotuwa. Apa mudzapeza zinthu ziwiri zokokana. Chithunzi chiyenera kufanana ndi anzake mokwanira kuti wokonda magemu a mtundu umenewo achizindikire msanga kuti n'chake, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi chizolowezi chake: magemu oopsa amakonda mdima ndi chinthu chimodzi chosautsa mtima, magemu aulimi ndi moyo wabata amakonda kuwala kofewa ndi zilembo zobulungira, magemu omanga mizinda amaonetsa malo kuchokera m'mwamba. Koma chikafanana nawo kotheratu chimasowa m'gulumo. Maganizo anga ndi akuti mtundu wa gemu uzidziwika ndi chinthu chimene chajambulidwa, ndipo kusiyana kubwere ndi utoto kapena kaikidwe ka zinthu. Ngati oyandikana nawo onse aika msilikali woyang'ana kutsogolo pa buluu wakuda, lupanga lisiyeni lioneke, koma kumbuyo kukhale kwina.

Pambuyo pake pezani anthu amene sanaionepo gemuyo. Achibale ndi anzanu apamtima sathandiza kwenikweni pano, osati chifukwa choti ndi abodza, koma chifukwa anamva kale nkhani yonse ndipo amadzazira okha zimene chithunzi chalephera kunena. Muonetseni munthu tsamba lomatidwa lija kwa masekondi asanu, mulitseke, mumufunse kuti watsala ndi zithunzi ziti m'mutu. Kenako muonetseni chanu chokha mwachidule, mumufunse dzina la gemu, mtundu wake, ndiponso chimene akuganiza kuti wosewera amachitamo. Funso lakuti chithunzichi n'chokongola kapena ayi musalifunse n'komwe, chifukwa aliyense amayankha mwaulemu. Lembani mayankho monga anenedwera, ndipo musawongolere munthu pamene walakwitsa. Ngati anthu anayi mwa asanu ndi mmodzi anena kuti ndi gemu yowomberana pamene yanu ndi yothetsa mikuluwiko, wolakwa si iwo.

Apa m'pamene pamabwera nkhani ya chilungamo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula amene wakopeka ndi chithunzi cholonjeza nkhondo yoopsa n'kupeza gemu yoyenda pang'onopang'ono amamva kuti wapusitsidwa. Pa Steam munthu angathe kubwezeredwa ndalama ngati sipanathe masiku 14 chigulireni ndipo wasewera maola osakwana awiri, komanso angathe kulemba ndemanga yoipa imene idzakhale patsamba lanu. Izi sizikutanthauza kuti gemu ya timapikiselo tikuluakulu isakhale ndi chikuto chojambulidwa mwaluso ndi manja, pakuti zimenezo n'zozolowereka. Chofunika n'chakuti mukaika kachithunzi pambali pa zithunzi zoyamba za m'kati mwa gemu, munthu aone kuti ndi dziko limodzi, mzimu umodzi ndi anthu omwewo.

Onaninso malamulo a sitolo. Kuyambira pa 1 September 2022, Valve inaletsa kulemba pa capsule mphoto zimene gemu yalandira, mapointi a ounika magemu ndi mawu olengeza kutsika kwa mtengo, ndipo chololedwa ndi chojambula, dzina la gemu ndi mutu wake waung'ono wovomerezeka.

Tsamba likatsegulidwa kwa anthu, manambala amayamba kuyankhula, koma amafunika kuwamva mosamala. Mu Steamworks, malo amene opanga magemu amayendetserako masamba awo a pa Steam, mumaona kuti kachithunzi kaonekera kangati ndiponso kuti ndi anthu angati amene alowa patsamba, malinga ndi malo amene anachokera. Google Play ndi App Store zili ndi njira yoonetsera zithunzi zosiyana kwa magulu osiyana a anthu nthawi imodzi kuti muyerekeze, koma pa Steam muyenera kusintha nokha n'kudikira. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe tsiku, ndipo muyerekeze anthu ochokera pamalo amodzimodzi a sitolo. Musayerekeze mlungu wa Steam Next Fest (chionetsero cha magemu amene sanatuluke) kapena wa malonda otsika mtengo ndi mlungu wamba, chifukwa gulu la anthu obwera limakhala losiyana. Ndipo musayang'ane odina okha. Ngati odina achuluka koma oika gemu pa wishlist (mndandanda wa magemu amene munthu akufuna kudzagula) sanachuluke, chithunzi chatsopanocho chikuitana anthu amene gemuyo si yawo, ndipo muyenera kubwerera ku mayankho aja munalemba kuti muone mtundu wa gemu umene alendo anatchula.