Kujambula Ukwati wa Kufamu Popanda Kuimika Anthu Pamzere

Masiku ano alipo maanja ena mu Blantyre amene akusiya maholo a m'tauni n'kukachitira madyerero a ukwati wawo kufamu ya makolo, kaya ndi cha ku Lunzu, ku Mpemba, ku Chigumula kapena mbali za ku Chileka, komwe kuli khonde lalikulu, mitengo ya mango ndiponso bwalo loti anthu akhalepo momasuka. Maanja oterewa kawirikawiri safuna zithunzi zondandalika anthu ngati gulu la kwaya, koma amafuna kuti akadzazitsegula patatha zaka 20 adzalione tsikulo mmene linayendera. Kajambulidwe kameneka ojambula amakatchula kuti documentary, ndipo lamulo lake ndi lakuti wojambula sauza munthu pokhala, poyang'ana kapena nthawi yoseka, iye amangotsatira zimene zikuchitika. Ntchito yake ndi yolemera kuposa yoimika anthu, chifukwa simungapemphe agogo kuti alizenso nthungululu poti kamera yanu inali isanakonzeke. Amene amaitha ndi amene amaudziwa mwambo wa ukwati wathu mpaka kumafika pamalo chinthu chisanachitike.

Yambani ndi kugwirizana ndi eni ukwati, ndipo musalekeze pa mkwati ndi mkwatibwi okha. Kwathu kuno ukwati ndi wa mabanja awiri, uli ndi ankhoswe, uli ndi komiti, ndipo nthawi zina amene akulipira wojambula ndi amalume a mkwatibwi, amene kwa iwo chithunzi chaukwati ndi chimene aliyense waima chilili akuyang'ana kutsogolo. Mukapanda kulankhula nawo, adzaona ngati munangoyendayenda tsiku lonse osagwira ntchito. Ine ndimaona kuti kukaniratu zithunzi zoimika anthu ndi kudzikuza kopanda phindu, popeza chithunzi chimene chimapachikidwa pabalaza kwa apongozi chimakhala chomwecho. Patulani mphindi 20 kapena 30, lembani papepala magulu osapitirira 10, ndipo pemphani wachibale mmodzi kuchimuna ndi wina kuchikazi kuti aziitana anthu, chifukwa inu simudziwa kuti azakhali ndi ati. Zikatha zimenezo, tsiku lonse ndi lanu. Funsaninso ndondomeko ya mwambo kwa wotsogolera mwamboyo, mudziwe nthawi yolowa akwati, ya malangizo, yodula keke ndi ya perekani-perekani, komanso ngati pali wokalamba kapena wodwala amene banja likufunitsitsa kuti aoneke m'zithunzi.

Pitani mukaione famuyo kusanafike tsiku la ukwati, makamaka pa nthawi yomwe madyerero adzakhale akuchitika. Kuno dzuwa limalowa msanga. M'mwezi wa Juni limalowa cha m'ma 5:15 madzulo, mu Okutobala cha m'ma 5:40, ndipo ngakhale mu Disembala silipitirira kwambiri 6 koloko. Likangolowa, mdima umagwa pasanathe theka la ola. Ngati famuyo ili ndi phiri chakumadzulo, monga zimakhalira m'madera ena ozungulira Michiru, kuwala kumatha nthawi imeneyi isanakwane. Maukwati athu sasunga nthawi, choncho kuwala kofewa kwa madzulo, kumene ojambula amakukonda, kumakupezani anthu ali pakati pa perekani-perekani. Masana nawo ali ndi vuto lawo. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo miyezi yoyandikana nayo kuwala kwa masana kumasiya mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa zipewa. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi imabwera ndi chiperoni, ndipo ngakhale eni ukwati amadandaula nacho, wojambula asachiope, popeza mitambo imafewetsa kuwala ndipo nkhope zimatuluka bwino. Ingotengani chophimbira kamera.

Zida zikhale zochepa. Makamera awiri, ina ya lensi ya 35mm yojambula malo otambalala ndi ina ya 85mm yokokera pafupi zinthu zapatali, amakwanira tsiku lonse, ndipo amakupulumutsani ku ntchito yosintha malensi pabwalo lafumbi la mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, pamene anthu akangoyamba kuvina fumbi limalowa paliponse. Amene ali ndi kamera imodzi atenge lensi ya 24-70mm, imene imatha kutambalala komanso kukokera pafupi. Tengani mabatire odzaza okwanira, osadalira kukatchaja kufamu, chifukwa magetsi akhoza kuzima ndipo jenereta imakhala yotanganidwa ndi zokuzira mawu. Ngati kamera yanu imalowa makadi awiri osungira zithunzi, ichuneni kuti izisunga chithunzi chilichonse pa makadi onsewo. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona kuti mudzakonze bwino pakompyuta, ndipo ngati kamerayo imatha kujambula mosatulutsa phokoso, gwiritsani ntchito mwayi umenewo pa nthawi ya pemphero ndi malangizo.

Fikani m'mamawa, ndipo musathamangire kuchipinda kumene akukongoletsa mkwatibwi. Mtima wa ukwati wa kufamu uli kuseri kwa nyumba, kumene amayi adzuka kusanache n'kuika miphika ikuluikulu pamafuwa, ena akupeta mpunga m'malichero, ena akusosola nkhuku, ena akutunga thobwa, ndipo abambo akusenda mbuzi pansi pa mtengo. Ojambula ambiri amadutsapo osaima, koma patapita zaka zithunzi zimene banja limakhala nazo nthawi yaitali m'manja ndi zimenezi, chifukwa ndi mmene mumapezeka anthu amene anaunyamula ukwatiwo ndipo sanakhale n'komwe patebulo lapamwamba. Musayambe ndi kamera. Perekani moni mwaulemu, funsani mmene adzukira, nenani amene wakutumani, ndipo akakupatsani thobwa landirani ndi manja awiri. Poyamba adzaima n'kukonza zitenje, ena adzaseka n'kubisa nkhope, ena adzakuuzani kuti mudikire akasambe kaye. Ajambuleni chithunzi chimene akufunacho, aonetseni pakamera, kenaka khalani pansi chapafupi osachoka. Pakapita mphindi zingapo nsima imafuna kuvundulidwa, nkhani zimayambiranso, ndipo inu mwaiwalika. Pamenepo m'pamene ntchito yanu imayambira. Utsi wa nkhuni umaoneka bwino kwambiri dzuwa likauwalira kuchokera kumbuyo, choncho imani moyang'anizana ndi dzuwalo, mphika ndi wophika zikhale pakati pa inu ndi kuwala. Gwadani kapena khalani pansi kuti kamera ifanane msinkhu ndi amene akugwira ntchito atakhala, chifukwa chithunzi chojambulidwa mutaima chimawachepetsa ndipo chimaonetsa mipango yokha.

Pali vuto lina limene limawagwetsa ojambula ongoyamba kumene. Kamera ikaona deresi loyera ndi velo padzuwa imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala konse, ndipo nkhope zathu zakudazi zimatuluka ngati mthunzi wopanda maso. Yezani kuwala pankhope ya mkwatibwi, kenaka onetsetsani kuti maluwa osokedwa pa deresi sanafufutike. RAW imakupatsani mpata wobweza pang'ono mbali zonse ziwiri pokonza pakompyuta. Mthunzi wa khonde ndi wabwino koposa, chifukwa kuwala kumalowera mbali imodzi. Mthunzi wa mtengo uyang'anitsitseni, popeza masamba akakhala apatalipatali amasiya mawangamawanga pankhope. Tenti ya mtundu wofiira kapena wobiriwira imapaka mtundu wake pakhungu la aliyense, ndipo ngati eni ake akufunsani maganizo kusanafike tsikulo, auzeni kuti yoyera ndiyo yabwino.

Pa nthawi ya malangizo ndi zolankhula, jambulani wolankhulayo kawiri kapena katatu basi, kenaka tembenukani. Nkhani ili pa omvera: mayi a mkwatibwi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, mkwati wagwetsa nkhope pamene ankhoswe akumuuza za udindo wake, ana akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Yesetsani kuti m'chithunzi chimodzi mukhale zinthu ziwiri kapena zitatu, china pafupi, china patali, ndipo famuyo izioneka, kaya ndi khola, mizere ya m'munda kapena phiri la Chiradzulu chapatali, kuti woona adziwe kuti ukwatiwu sunachitikire m'holo.

Perekani-perekani ndiye mayeso enieni, chifukwa amatenga maola ambiri ndipo amabwerezabwereza. Wotsogolera mwambo amaitana gulu ndi gulu, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, ndipo gulu lililonse limabwera likuvina n'kumaponya ndalama m'lichero kapena m'beseni. Mukajambula onse mofanana mudzabwera ndi zithunzi mazanamazana za misana ya anthu. Imani chakumbali kwa akwati, kumbuyo pang'ono kwa wonyamula lichero, kuti ovinawo azibwera moyang'ana kwa inu. Liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, lisatsike pansi pa 1/500 ya sekondi ngati mukufuna kuti ndalama ziime m'malere, ndipo kuwala kukayamba kuchepa kwezani ISO, imene imathandiza kamera kuona pamdima, mpaka 1600 kapena 3200 osaopa, popeza chithunzi cha timadonthomadontho chimaposa chogwedera. Mverani nyimbo ndi mawu a wotsogolera mwambo, chifukwa akatchula makolo a mkwatibwi kapena agogo, mukudziwa kale kuti nthungululu zilira ndipo wina avula mpango n'kuyamba kuukupiza. Sankhani munthu mmodzi m'gululo, m'tsatireni mpaka afike pa lichero, osamwaza maso paliponse. Gulu likadutsa, yang'anani pansi, pamene ana ndi operekeza akwati akutola ndalama, ndiponso patebulo la osinthitsa ndalama, pamene pamakhala mkangano wachimwemwe wa anthu ofuna tindalama ting'onoting'ono toti avine nato nthawi yaitali. Ndimakonda kuchokapo kamodzi pakati pa mwambowu n'kukaima patali, cha kukhola kapena kumsewu wolowera, kuti ndijambule bwalo lonse ndi fumbi lake dzuwa likupendeka.

Kujambula anthu asakudziwa kumafuna ulemu waukulu. Munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa, mayi amene akuyamwitsa, mkulu amene mowa wamupitirira, onsewa asiyeni, ndipo ngati mwawajambula mwangozi musawaike m'gulu la zithunzi zopereka. Amene wakukanizani ndi dzanja, tsitsani kamera. Musadutse kutsogolo kwa amfumu kapena akuluakulu ampingo muli chilili. Zungulirani kumbuyo kapena weramani. Valani ngati mlendo wa paukwati, zovala za mtundu wosakuwa, ndi nsapato zoti mungayende nazo m'munda.

Dzuwa likatsala pang'ono kulowa, pemphani ankhoswe kuti akubwerekeni akwati kwa mphindi 10 zokha, muwasiye ayende okha m'kanjira ka kumunda inu mukuwatsatira chapatali ndi lensi ya 85mm, osawauza chochita. Mdima ukagwa mudzafuna fulashi. Pakhonde la siling'i yoyera iwombetseni m'mwamba kuti kuwala kubwerere kofewa, koma pabwalo palibe poiwombetsa, choncho ichepetseni mphamvu ndipo tsitsani shutter kufika cha pa 1/30 kuti moto wa kukhitchini ndi mababu a m'mitengo azionekabe kumbuyo.

Mukafika kunyumba, koperani zithunzi zonse malo awiri musanagone. Posankha, zisanjeni motsatira nthawi, kuyambira pamafuwa m'mamawa mpaka galimoto yomaliza kutuluka pageti, ndipo pa zithunzi 10 zofanana sungani chimodzi chokha. Musayeretse khungu la anthu pokonza, ndipo musachotse utsi, fumbi kapena nkhuku imene yadutsa kutsogolo kwa akwati. Popereka, musadalire WhatsApp yokha, chifukwa imachepetsa ubwino wa zithunzi pokhapokha mutazitumiza ngati document. Ikani zonse pa flash disk, ndipo tsukitsani zingapo papepala zoti zipite kwa agogo ndi kwa amayi aja anaphika, amene ambiri mwa iwo alibe foni yoonera zithunzi.