Utuchi mu mtapo: kaumbidwe ka mphika wosefa madzi

Amayi oumba mbiya akudziwa kale kuti mtsuko wabwino umachita thukuta, n'chifukwa chake madzi ake amazizira. Mphika wosefa madzi ndi nzeru yomweyo, kungoti timabowo timachita kuikamo dala. Mtapo mumausakaniza ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Pa moto zimenezi zimapsa n'kutheratu, ndipo pamene panali kanjere kalikonse pamatsala kamphako. Njirayi anaiyambitsa Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981, koma zipangizo tili nazo konkuno: utuchi kwa akalipentala a ku Kapata mu Chipata, mankhusu ochokera ku Chama.

Pamene ambiri amaphonya ndi posefa. Utuchi uume gwa, muupete, muusefe pa sefa ya ufa. Mankhusu ayambe apita kuchigayo. Kachibanthu kamodzi kakazemba, kamasiya njira yoti ndi matope omwe adutse. Mtaponso muuumitse, muusinje, muusefe, ndipo musakanize zonse zikali zouma, madzi abwere pambuyo. Pomenya chidutswa chokandakanda, utuchi uoneke wawazika paliponse ngati nsinjiro mu ndiwo.

Muyeso wake? Dothi la ku Katete si la ku Petauke. Yambani ndi mbale imodzi ya mtapo pa mbale imodzi ya utuchi, muumbe timiphika toyesera, kenako muzisintha. Utuchi ukachuluka mphika umafumbutuka m'manja, ukachepa madzi sadontha.

Umitsani pa mthunzi, osathamanga. Kuwotcha kumafuna ng'anjo yofika madigiri a Celsius pafupifupi 850 mpaka 900. Moto wa pabwalo wa makungwa ndi mapesi, ine sindiukhulupirira pa ntchito iyi, chifukwa umapsereza mbali imodzi ina ikali yaiwisi. Gogodani ndi chala: wakupsa bwino umalira ngwe, wa mng'alu umalira mogontha, ndipo umenewo dzalanimo maluwa basi.

Kenako mphika wakupsa bwinowo uviikeni m'madzi tsiku lathunthu, muudzaze, muuike pa chidebe choyera. Pa ola loyamba pazidontha lita 1 mpaka 3. Ukathamanga kuposa apo, musasangalale ayi, ndiye kuti ukudutsitsa zonse.

M'mafakitale amapakanso mankhwala a siliva opha tizilombo, omwe pamudzi sitikhala nawo. Choncho madzi a m'dambo kapena a mu mtsinje wa Lutembwe, ngakhale atuluke oyera mbee, thiranimo kolorini kapena muwawiritse, makamaka mvula ikayamba mu Novembala.