Tsekani makomo a foni yanu anthu asanakumbe za moyo wanu

Mlamu wanga anabwereka ndalama pang'ono kudzera pa apu ya ngongole imene mnzake anamutumizira pa WhatsApp. Atachedwa kubweza ndi masiku anayi, uthenga womunena kuti ndi mbava unafika kwa ine, kwa abusa ake, mpaka kwa apongozi ake kumudzi. Manambala athu eni apuyo anawatenga m'foni mwake tsiku lomwe anadina "Allow" asanawerenge. Ndinamupeza atakhala pakhonde, foni ili chafufumimba pamphasa, akuopa kuyigwira ikalira. Mpaka lero zimandiwawa.

Ambiri timaganiza kuti otolera zinthu zathu za m'foni amangofuna kutionetsa malonda. Ayi ndithu. Ena amawerenga ma SMS a Mpamba kapena Airtel Money kuti adziwe mmene m'thumba mwanu mulili, ena amalondola komwe mumagona.

Ndiye tengani foni yanu ya Android, lowani mu Settings, kenako Privacy, mupeze Permission manager. Tsegulani Contacts, SMS, Call logs ndi Location, chimodzichimodzi. Muona mapulogalamu onse amene munawalola. Pa iliyonse dzifunseni: tochi ikufuna manambala a abale anga kuti itani nawo? Masewera a ana akufuniranji komwe ndili? Dinani "Don't allow". Pa Location, mapu okha ndi amene ndimawasiyira "only while using the app".

Apu yobwera ngati fayilo ya APK (yoikira apu osadzera mu Play Store) pa WhatsApp musaiike. Kuyambira pa 31 Meyi 2023, Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a mu Play Store kufika pa manambala ndi zithunzi za anthu, koma olowera kuseri lamulolo saliwerengera.

Timafunso ta pa Facebook tofuna mulowe ndi akaunti yanu, tosonyeza "khalidwe lanu lenileni", tisiyeni. Kafunso kotere ndi komwe kanapatsa Cambridge Analytica, kampani ya ku Britain yothandiza pa kampeni za chisankho, mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni, ambiri osakagwirapo n'komwe, n'kukaigwiritsa ntchito pa ndale. Nkhaniyi inaululika mu 2018. Mu Settings ya Facebook muli "Apps and websites", chotsani zonse zimene simukuzikumbukira.

Dziwani kuti kufufuta apu sikubweza zimene anatenga kale. Ngati ayamba kuvutitsa abale anu, jambulani mauthengawo pasikirini, nambala ndi tsiku zioneke, mukadandaule ku MACRA, imene lamulo la Data Protection Act la 2024 linaipatsa udindo woteteza zinthu zotere.