Foni imuwerengere, koma maliwu aphunzirebe: malangizo othandizira mwana wa dyslexia

Pali ana amene mafunso apakamwa amayankha mwachangu, nthano amaikumbukira yonse, koma mukawapatsa buku amadodoma, kudumpha mizere, kusokoneza b ndi d. Ambirife timathamangira kuwatcha aulesi. Ena mwa iwo ali ndi dyslexia, vuto limene limachititsa ubongo kuvutika polumikiza chilembo ndi liwu lake. Maso ali bwinobwino, nzeru zilipo, ndipo kawirikawiri vutoli limayenda m'banja. Chikoti sichingalichotse.

Kwathu kuno mwana wotere amavutika kwambiri akafika Sitandade 5, pamene maphunziro amayamba kuyenda m'Chingerezi. Chichewa chimawerengedwa mmene chalembedwera, Chingerezi ayi. Ndiye amalakwa sayansi imene akanaimvetsa ndithu munthu atamuwerengera. Ntchito yowerengerayi ndi imene mapulogalamu a AI (a pa foni ndi kompyuta otsanzira nzeru za munthu) amaigwira bwino.

Aphunzitsi ndi makolo, yambani ndi foni imene ilipo kale pakhomo. Jambulani tsamba la buku ndi Google Lens, pamalo powala, tsambalo litawongoka. Pulogalamuyi izindikira mawuwo n'kuwawerenga mokweza. Mafoni a Android alinso ndi Select to Speak, yowerenga zimene zili pa sikirini. Kumene kuli kompyuta, Immersive Reader ya Microsoft, yopezeka mu Word, imatalikitsa mizere, imagawa mawu m'maphatikizo, ndipo imawalitsa mawu amene ikuwerenga panthawiyo. Chepetsani liwiro la kawerengedwe. Chachikulu, mwana asamangomvetsera ali chigonere. Maso akhale patsamba, chala chiziloza mawu amene khutu likumva, chifukwa m'pamene chilembo ndi liwu zimazolowerana.

Polemba, mwana adine kamaikolofoni ka pa kiyibodi ya Gboard, anene maganizo ake, foni ilembe. Kenaka amvetsere zimene zalembedwazo n'kukonza yekha. Mudzadabwa chimangirizo chimene chingatuluke mwa mwana amene ankakupatsani mizere iwiri.

Kwa a sekondale, ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp ingafewetse ndime yovuta. Iuzeni momveka: ilembenso ndimeyo m'ziganizo zazifupi, isiye mawu a phunzirolo mmene alili. Koma mphunzitsi ayerekeze yankho ndi buku la silabasi, poti zinthuzi zikalakwitsa zimalankhula molimba mtima ngati zoona. Mwana asazitume kumulembera homuweki. Dzina lake, chithunzi chake ndi sukulu yake musaziike mmenemo.

Pa Chichewa pokha musadalire makina. Mawu a pa foni ozolowera Chingerezi akamawerenga Chichewa amachipotoza, ndipo mwana amene akulimbana kale ndi maliwu amasokonezeka kwambiri. Kuli bwino mchemwali wake kapena inu nomwe muwerenge ndimeyo pang'onopang'ono n'kujambula mawu, iye azimvetsera mobwereza buku lili m'manja. Izi sizidyanso bandulo. M'sukulu zimene zinalandira matabuleti a BEFIT, omwe amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, mwana wotereyu muzimukhazika pafupi kuti muone pamene akukakamira.

Chimene ndimakana ndi kuganiza kuti foni yabwera ndiye mphunzitsi apume. Foni imangomufikitsa mwana ku phunziro. Kuwerenga kwenikweni amakuphunzira pamaso pa munthu: mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse za maliwu, maphatikizo ndi mawu, mobwerezabwereza, popanda kumuimiritsa kutsogolo kuti anzake amuseke. M'chipinda cha mayeso foni silowa.

Mukamukayikira mwana, uzani ahedi kuti alumikizane ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) a zoni yanu, apeze mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Ngati mwanayo akuyandikira mayeso a MANEB, ahedi adziwe za vutoli kalembera asanachitike, kuti afunse msanga za thandizo limene angapatsidwe.