Nkhuku zikungoyasama ndi kutentha, nditani?

Achimwene, zoti nkhuku zanu zikungoyasama masana mapiko ali pansi, kumeneko ndi kutentha basi, Okutobala wa ku Salima sasewera. Choyamba khola likhale pamthunzi, denga la udzu osati malata, m'mbali muike waya kapena bango kuti mphepo izidutsa. Kenako madzi, apa ndiye pagona nkhani, muzisintha kawiri patsiku ndipo chomwera chisakhale padzuwa chifukwa akafunda nkhuku sizimwa bwino. Chakudya perekani m'mamawa ndi madzulo, gaga wosakaniza ndi fumbi la usipa, kunyanja kuno silisowa. Thirani phulusa pakona zizisamba, utitiri umachepa. Katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodontheza m'diso, miyezi 4 iliyonse, kaonaneni ndi alangizi a ziweto chisanalowe m'mudzi.