Kukopera chithunzi cha Delacroix cha akavalo omenyana m'khola

Eugène Delacroix, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anaona akavalo akulumana ku Morocco mu 1832, koma chithunzi chake cha akavalo achiluya omenyana m'khola anadzachijambula mu 1860. Chili ku Paris, ndipo n'cha masentimita 81 chopingasa, ndi pafupifupi 65 kukwera m'mwamba. Ngati penti ndi wochepa, dulani chinsalu cha 40 ndi 32.

Musajambule pachinsalu choyera mbee. Sungunulani penti wofiirira moderapo wotchedwa burnt umber ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti), mupake paliponse mopyapyala, kenako muchisiye tsiku limodzi. Mdima wa m'khola uchokera pamenepo.

Ambiri amalakwitsa poyamba ndi mzere wozungulira thupi, ndiye kavalo amatuluka wouma gwa. Delacroix ankayamba ndi zibulungwa zonga mazira. Tengani khala, muike zitatu pa kavalo aliyense: chifuwa, mimba ndi matako. Khosi ndi miyendo zibwere pambuyo. Akavalo awiriwa, woyerera ndi wakuda, muwajambule nthawi imodzi ngati mfundo imodzi. Mukatsiriza mmodzi n'kuyamba mnzake, ndewu yatha, atsala akavalo ongoyandikana.

Miyendo yakumbuyo ndiyo yofunika kuifatsira, chifukwa kavalo akanyamuka thupi lonse limatsamira pamenepo. Ziboda zikhale pansi pa mimba, osati kumbuyo kwa matako, apo ayi aoneka ngati akugwa chafufumimba. Mfundo yapakati pa mwendo wakumbuyo imaloza kumbuyo, si bondo ayi. Makutu agone chakukhosi. Kavalo wotcherera makutu kutsogolo sakumenyana ndi aliyense.

Popaka penti yambani ndi malo amdima, ndipo penti wake akhale wopyapyala. Wonenepa, wa mafuta a linseed ambiri, abwere pamwamba patatha masiku awiri kapena atatu. Mukasemphanitsa, wapamwamba amauma msanga wapansi akadali wofewa, ndipo chithunzi chimadzang'aluka.

Mthunzi wa pa kavalo woyerera musaupange ndi penti wakuda, umaoneka ngati litsiro. Sakanizani wabuluu pang'ono ndi wofiirira. Mitundu isapitirire itatu pa kusakaniza kumodzi. Ndipo musasalaze ndi burashi: siyani timizere tizioneka, tizitsata kumene mnofu ukukokera.

Anthu oleretsa ndewu amene ali m'chithunzicho muwathamangire, nkhope zawo sizifuna zambiri. Penti woyera weniweni musungire komaliza, timadontho tochepa pamsana, pakhosi ndi m'diso.