Momwe mungalembere mbiri ya katswiri wosanthula zolembalemba

Mlakatuli akamwalira amasiya ndakatulo zoti anthu azimukumbukira nazo, ndipo wolemba masewero amasiya masewero amene ana asukulu amachitabe pa mipikisano. Koma munthu amene anathera zaka zake akuwerenga ntchito za anzake, kuzisanthula, kuziphunzitsa ndi kuzisonkhanitsa m'mabuku, kawirikawiri amangoyamikiridwa pamaliro ndi mawu akuti anali mphunzitsi wamkulu, basi nkhani yake n'kuthera pomwepo. Ine ndimaona kuti tikutaya chuma chambiri mwa njira imeneyi, chifukwa anthu amenewa ndi amene anatiphunzitsa kuwerenga mabuku athu ndi maso athuathu. Ngati mukufuna kulemba mbiri ya mmodzi mwa iwo, kaya ndi ya kalasi, ya nyuzipepala kapena ya buku, pali njira imene ingakuthandizeni kuti ntchito yanu isakhale mndandanda chabe wa masukulu ndi maudindo.

Poyamba dziwani bwino mbali ya munthuyo imene mukufuna kulemba. Kuno ku Malawi ambiri mwa osanthula zolembalemba analinso alakatuli: Steve Chimombo, Jack Mapanje, Anthony Nazombe, Felix Mnthali ndi David Rubadiri onse analemba ndakatulo zotchuka pamene ankaphunzitsanso m'mayunivesite. Vuto lake ndi lakuti ndakatulozo zimakopa wolemba mbiri mpaka kuiwala ntchito ina ija. Lembani papepala chiganizo chimodzi chonena zimene munthuyo anasintha pa momwe anthu amawerengera kapena kuphunzitsira zolembalemba, ndipo chiganizo chimenecho chikhale chingwe chomangira nkhani yonse. Mukalephera kuchilemba, ndiye kuti simunawerenge mokwanira.

Kuwerengako kuyambe musanapite kukacheza ndi munthu aliyense. Ambiri amathamangira kwa abale ndi anzake a katswiriyo, n'kubwerako ndi nkhani zokoma za ubwana wake, koma osadziwa ngakhale mfundo imodzi imene iye ankaimapo. Yambani ndi mabuku ake osanthula, kenaka nkhani zimene anafalitsa m'magazini a maphunziro, ndipo musanyoze mawu oyamba amene analemba m'mabuku osonkhanitsa ntchito za anthu ena. Kusankha ndakatulo zoti zilowe m'buku ndi kusiya zina ndi kusanthula kale, ngakhale wosankhayo asanenepo kanthu. Nazombe atasonkhanitsa ndakatulo za Amalawi m'buku la The Haunting Wind m'chaka cha 1990, anali kuuza dziko kuti alakatuli oyenera kuwerengedwa ndi awa, ndipo Mapanje ndi Landeg White atatulutsa Oral Poetry from Africa mu 1983, anali kunena kuti nyimbo zoimbidwa pakamwa ndi ndakatulo zenizeni zoyenera kukhala m'kalasi. Choncho onani amene analowetsedwa, amene anasiyidwa, ndi momwe bukulo linagawidwira.

Pamene mukuwerenga, funafunani funso limene linkamusowetsa tulo munthuyo, pakuti katswiri aliyense weniweni amakhala ndi funso limodzi kapena awiri limene amabwererako moyo wake wonse. Chitsanzo chomveka bwino ndi Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945 ndipo anamwalira mu 2015. Funso lake linali lakuti: kodi tiziyeza ubwino wa nthano, nyimbo, magule ndi zosemasema zathu ndi miyeso yochokera kunja, kapena chinenero chathu chili nawo kale mawu oweruzira luso? M'buku lake la 1988 lonena za zolankhula za pakamwa za Amalawi anapanga liwu lakuti ulimbaso, polumikiza tizidutswa ta mawu a Chichewa tonga timene timamveka mu kuumba, kuimba, luso ndi kaso, pofuna kusonyeza kuti woumba mbiya, woimba ndi wokamba nthano amagwira ntchito ya mtundu umodzi, ndipo anthu a m'mudzi amadziwa kale kusiyanitsa yaluso ndi yopanda luso. Mukagwira funso limeneli, zinthu zina za moyo wake zimayamba kulumikizana zokha. Mumamvetsa chifukwa chake ankabwerera mobwerezabwereza kwa Napolo wa m'phiri la Zomba ndi ku nkhani ya Mbona, ndiponso chifukwa chake anayambitsa magazini ya WASI yoti alembi ndi aluso azikambiranamo ntchito zawo. Mbiri yolembedwa motere imaonetsa maganizo a munthu akukula, kusintha ndi kulimbana ndi a anzake, ndipo owerenga amatha kuona chimene chinatayika iye atachoka.

Zopezera umboni zambiri zili ku Zomba. Laibulale ya Yunivesite ya Malawi, pamene kale pankatchedwa Chancellor College, ili ndi gawo la mabuku ndi zolemba zokhudza dziko lino, ndipo mumzinda womwewo muli nyumba ya boma yosungiramo zikalata zakale. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. M'malo amenewa funsani makamaka timagazini tating'ono ta ophunzira ndi aphunzitsi monga Odi, The Muse ndi Kalulu, chifukwa maganizo amene pambuyo pake anakhala mabuku anayambira m'menemo ali osakhwima. Mukamawerenga, jambulani mzere wa zaka papepala lalikulu: mbali imodzi muzilembako zochitika za moyo wa munthuyo, mbali inayo zochitika za dziko, ndipo chaka chilichonse muchitsimikize m'malo awiri osiyana musanachikhulupirire. Zimene zili pa intaneti zimakoperana zolakwa, kotero kuti chaka cholakwika chimatha kupezeka m'malo khumi.

Mbali ya zochitika za dzikoyo ndi imene imafuna kudekha kwambiri, makamaka ngati munthu wanu anagwira ntchito mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Kuyambira mu 1968 kunali lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, masewero ndi makanema, ndipo gulu la alembi la pa Chancellor College, limene linayamba mu 1970 koleji idakali ku Blantyre, linkakumana likudziwa kuti zokambidwa zikhoza kukafika kwina. Rubadiri, amene anali kazembe woyamba wa Malawi ku United Nations, anatula udindo pansi mu 1965 ndi kukaphunzitsa ku Makerere ndi m'mayunivesite ena a mu Africa kwa zaka zambiri. Mnthali anatsekeredwa m'zaka za m'ma 1970. Mapanje, yemwe anali mkulu wa gawo la Chingerezi pa kolejiyo, anamangidwa mu Seputembala 1987 ndi kusungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu 1991. Tsono ganizirani za wosanthula amene anatsala pa Zomba m'zaka zimenezo. Akanafotokoza momveka tanthauzo la chiphiphiritso cha m'ndakatulo ya mnzake, akanakhala kuti wamupereka m'manja mwa apolisi. N'chifukwa chake mukapeza nkhani yosanthula ya nthawi imeneyo ikukamba zambiri za kayalidwe ka mizere ndi za nthano zamakedzana, koma osakhudza ndale, musathamangire kunena kuti wolembayo sanaone kapena anali wamantha. Yerekezani zimene analemba isanafike 1994 ndi zimene analemba pambuyo pake, ndipo yerekezaninso ndi zimene ankalemba anzake okhala kunja, amene anali ndi ufulu woposa wake. Komanso musasandutse aliyense kukhala ngwazi yolimbana ndi boma pamene umboni palibe. Kukhala chete kunali ndi zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ntchito yanu ndi kusonyeza zimene zikalata zikunena, osati kugamula mlandu.

Mukamaliza kuwerenga, ndiye nthawi yokacheza ndi anthu. Kwa akubanja pitani mwaulemu, mutatumiza uthenga pasadakhale, ndipo fotokozani cholinga chanu ndi kumene nkhaniyo ikatuluke. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo makalata kapena zithunzi zimene akuonetsani musazifalitse iwo asanavomere. Koma dziwani kuti pa nkhani ya ntchito, amene amadziwa zambiri ndi ophunzira ake akale, chifukwa gawo lalikulu la ntchito ya wosanthula limachitikira m'kalasi ndipo silinalembedwe paliponse. Musawafunse ngati anali mphunzitsi wabwino, pakuti aliyense adzavomera. Afunseni kuti ankaphunzitsa mabuku ati, ankayamba ndi funso lotani, ankalemba chiyani m'mphepete mwa mapepala awo, ndiponso ndi liti pamene anasemphana naye maganizo. Ena amasungabe makope a zimene ankalemba m'kalasi, ndipo kope limodzi lotere limaposa mawu ambiri oyamikira. Polemba, siyanitsani zimene munthu akukumbukira ndi zimene zili m'chikalata, ndipo muuze owerenga kuti mawuwo ndi a wophunzira wake kapena a mbale wake.

Musabise amene anatsutsana naye. Chikhalidwe chathu chimatiletsa kunenera zoipa malemu, ndipo ulemu umenewo ndi woyenera pa nkhani za moyo wake wamseri, koma maganizo a katswiri analembedwa kuti anthu akangane nawo. Fufuzani zimene ena analemba za mabuku ake, kuphatikizapo akatswiri ochokera kunja amene anaphunzitsapo kuno monga James Gibbs, amene ankatsata za masewero, ndi Adrian Roscoe, amene pamodzi ndi Mpalive-Hangson Msiska analemba za ndakatulo za dera lino la Africa mu 1992. Inunso nenani maganizo anu mosabisa, bola mupereke zifukwa.

Pali mbali ina imene imandikhudza kwambiri. Pafupifupi onse amene ndawatchula analemba m'Chingerezi, ndipo wofufuza amakopeka kupita kumene zolemba n'zambiri. Koma mabuku a Chichewa ali ndi mbiri yaitali, kuyambira kwa Samuel Josiah Ntara amene Nthondo wake anatuluka mu 1933, ndipo nawonso akhala ndi owasanthula. Francis Moto analemba za alembi a Chichewa, ndipo kuwonjezera pa iye pali aphunzitsi a m'makoleji ndi m'masekondale, akonzi a mabuku a sukulu, ndi ogwira ntchito ku bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996. Anthu amenewa ndi amene anakhazikitsa mawu amene mwana wa Fomu 4 amagwiritsa ntchito lero posanthula nthano, monga mpangankhani, mtengambali ndi tsatanetsatane wa nkhani. Mukasankha mmodzi wa iwo, umboni wanu udzachokera m'mabuku othandizira aphunzitsi, m'mapepala akale a mayeso ndi m'pakamwa mwa amene anagwira nawo ntchito, choncho yambani msanga pamene anthuwo adakali moyo.

Pokonza nkhaniyo, simukukakamizidwa kuyambira pa tsiku lobadwa. Mukhoza kuyamba ndi funso lija, kapena ndi chaka chimene buku lake lalikulu linatuluka, kenaka n'kubwerera m'mbuyo kukaonetsa kumene maganizowo anachokera: mudzi, sukulu ya mishoni, mphunzitsi amene anamupatsa buku loyamba. Maudindo ndi madigiri muwatchule mwachidule, koma pa mfundo zake khalanipo, muzifotokoze m'mawu anu osavuta ndipo mupereke chitsanzo chimodzi cha ndakatulo kapena nthano imene iye anaiwerenga mosiyana ndi anzake. Ngati mukulemba m'Chichewa za munthu amene ankalemba m'Chingerezi, tanthauzirani mawu ake mosamala ndipo munene kuti kumasulirako ndi kwanu. Mukamaliza, perekani zolembazo kwa munthu mmodzi wodziwa ntchito yake ndi mmodzi wa m'banja kuti akonze zaka ndi mayina, koma chigamulo chanu pa maganizo ake chikhalebe chanu. Nkhani ikatuluka, kope limodzi likasiyidwe kubanja ndipo lina ku laibulale ya ku Zomba, pamodzi ndi mawu amene munajambula ngati eni ake alola.